Kokhala ndi Kogona

Mwana wanga woyamba, amene amakonza magalimoto ku Lilongwe, ndiye anandiuza kuti kuli anthu amene ntchito yawo ndi kuika malo pa mndandanda ngati ana a sukulu pa tsiku lotsekera: awa ndi nambala wani, awa achiwiri, mpaka kukafika kwa otsiriza. Anandiuza pa foni, ine ndili m'chigafa kusankha fodya, foniyo nditaipana ndi phewa. Akuti anawerenga m'nyuzipepala kuti pa timatauni tonse tozungulira mzinda, kena kake ka m'mbali mwa msewu wobwera kuno ku Kasungu ndiko kanali pamwamba pa malo abwino okhala. Madzi a pampopi, msewu wa phula, chipatala chofika wapansi, akuba ochepa. Anali atapezako kale nyumba ya lendi, ndipo ankafuna kuti ine ndi abambo ake tisamukireko.

"Komanso kumeneko kuli zii, amayi," anatero. "Abambo akapumako bwino."

Ndinaseka mpaka foni inagwera m'masamba. Nditaitola ndinamumva akungoti halo, halo, poganiza kuti netiweki yathawa.

Kuti mumvetse kuseka kwangako ndiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Ine ndi amuna anga sitinabadwire kuno. Tinachokera kumunsi kwa phiri la Mulanje, kumene munda wa banja lonse umatha kuulima m'mawa umodzi n'kupita kumsika dzuwa lisanatenthe. Tinabwera ku Kasungu pa lole ya matenanti, tili ndi mphasa, timapoto ndi mwana kumbuyo, kudzalima fodya wa bale wa eni ake. Zaka zambiri tinkangosamuka, esiteti iyi nyengo zingapo, kenako ina, cha ku Chamama, cha ku Kaomba, n'kubwereranso komwe tinachoka.

Ifenso matenanti tinali ndi mndandanda wathu wa malo abwino, ngakhale sunalembedwe paliponse. Unkayenda pakamwa, makamaka nthawi yodinda mabelo, pamene aliyense wayamba kuganiza ngati akhale kapena achoke. Wina ankati kwa bwana wakuti chimanga cha phoso chimabwera pa nthawi yake. Wina ankati kwakutikwakuti kapitawo salalata, chitsime chili pafupi, ndipo kusukulu ana amafika asanatope. Tinkatchera makutu n'kumasanja m'mutu. Vuto linali lakuti mbiri ya malo imayenda pang'onopang'ono kuposa malowo. Pofika iwe kumene ankakutamako, umapeza kuti kapitawo wabwino uja anachoka chaka chatha, chitsime chinagumuka, ndipo amene anakuuzawo anangomva kwa mlamu wawo yemwe anakhalako kalekale. Palibe amene ankanama. Aliyense ankafotokoza mmene malowo analili pa nthawi imene iye anawaona.

Choncho tinaphunzira kudalira makutu athu. Lole ikaima pa esiteti yatsopano, amuna anga ankandigwira dzanja kuti ndisafulumire kutsitsa katundu. Tinkayamba tamvetsera. Mukamva ana akulira, musi ukugunda mu mtondo, mayi wina akukalipira mbuzi, ndiye kuti pali anthu amene akudya ndipo sanathawe. Koma pakakhala zii, nyumba zili m'mizere koma popanda ngakhale galu wouwa, musatsike, pemphani dalaivala akupitirizeni. Komanso pajatu chinthu cha zii n'chosakoma, ngati ndiwo zimene wophika waiwala mchere. Ndiye taonani mwana wanga, wophunzira, wa magiya ndi masipanala, akundinyengerera ndi mawu omwewo amene ankatibweza pa lole.

Komatu chimene mwanayo anaimbira sichinali choseketsa. Abambo ake anali ndi chifuwa cha zaka zambiri, cha fumbi la m'zigafa, ndipo chaka chimenecho chinafika poti akamachoka pakhonde kupita ku nkhokwe ankaima panjira, manja pa mawondo. Chipatala chathu chaching'ono chinali kutali, ndipo mvula ikagwa njira yake inkasanduka phala. Ndinali nditawakwezapo pa kabaza akubanika, ine ndikuthamanga pambuyo ngati wamisala, chitenje chili m'manja. Sindinkafuna kudzachitanso zimenezo.

Pa nthawiyo tinali titasiya utenanti. Tinkakhala m'mudzi wina cha ku Kapelula, pa malo amene anatibwereka bambo ena a kumpingo kwathu, mbadwa za pamudzipo. Nyumba yawo inali kuseri kwa yathu. Amuna anga ankawaitana kuti achimwene, ine ankanditi alamu, ngakhale panalibe magazi kapena ukwati wotilumikiza. Anali munthu wa nthabwala zosatha, ndipo sankatopa kuyeserera kalankhulidwe kathu ka kumwera, kukoka mawu mpaka ana kugwa nako kuseka. Ine ndinkawabwezera ndithu, pakamwa Mulungu sanandimane.

Zinali zaka za makuponi zija, pamene mudzi wonse unkasonkhana pansi pa mtengo kumva mayina a olandira feteleza wotsika mtengo. Dzina lathu silinkamveka, ndipo sindinkadabwa, tinali obwera. Koma matumba akafika, alamu aja ankatuma akazi awo ndi ndowa yodzaza, ena a m'mudzimo n'kuwonjezerapo aliyense kambale kake, mpaka chimanga chathu chinkabiriwira mofanana ndi cha eni mudzi. Ndinkathokoza ndi mtima wonse, ndipo ndimathokozabe. Koma feteleza ndi wa dzinja limodzi. Chimene sitinkadziwa, chimene chinkatidya mumtima tonse awiri, chinali cha manda.

Mwana wathu wachiwiri, wamkazi, anamwalira ndi malungo tili pa esiteti ina. Mudzi wapafupi unati manda awo ndi a eni ake, matenanti ali ndi kwawo. Kwathuko kunali kutali, ndipo thupi silikanadikira lole. Tinamuika kumapeto kwa esiteti, m'mabulugama, pamodzi ndi ana ena a matenanti. Patapita zaka ndinapitako kuti ndikalambule. Ndinapeza mabulugama anadulidwa omangira zigafa, thirakitala inadutsa, ndipo panali fodya wobiriwira bwino, mizere yowongoka mpaka kumene maso amalekeza. Ndinayenda mzere ndi mzere osadziwa kuti ndiime pati. Ndinabwerera ndi khasu langa osaligwiritsa ntchito.

Kuyambira pamenepo amuna anga, munthu amene sankapempha ngakhale mchere, anali ndi pempho limodzi. "Mayi," ankatero, "ine ndikadzagona, ndidzagone pamalo podziwika." Ku Mulanje kunalibenso kolowera. Makolo anatha, malo anagawana adzukulu a alongo awo, amene akanatiyang'ana ngati anthu osochera njira. Ndiye pamene mwana ankakamba za mipopi ndi phula, ine ndinkaganiza ziwiri: kumene abambo ake angapume, ndi kumene adzagone mpweyawo ukadzatha.

Tinasamuka mvula isanayambe, titasiya munda ndi mbuzi m'manja mwa alamu aja. Iwo anatiperekeza ndi ngolo mpaka pa msewu, akutinena njira yonse kuti tikupita kukakhala mabwana, ndipo tikadzabwera tizidzawapatsa moni wa Chingerezi. Minibasi itanyamuka ndinacheuka, ndinawaona ataima pomwepo, chipewa chili m'manja, osaseka.

Ndinene chilungamo: olemba nyuzipepala aja sananame. Madzi ankatulukadi pampopi kuseri kwa nyumba, ndipo masiku oyamba ndinkangotsegula n'kutseka ngati mwana. Msewu unali wa phula mpaka pafupi ndi geti. Kuchipatala ndinkawaperekeza amuna anga wapansi, pang'onopang'ono, tikupuma pa kamlatho, n'kufika asanayambe kubanika. Kumeneko kunali makina a mpweya, ndi adokotala amene anawapatsa kamankhwala kopopera m'kamwa. Pasanapite nthawi munthu uja anayamba kugona chogona ngati anthu ena onse, osati chokhala atatsamira khoma monga ankachitira kumudzi. Anayambanso kudya, ndi kundivuta kuti tiyi wachepa shuga. Ndinkati ndikawaona akusesa pabwalo ndi tsache langa, chifukwa chosowa chochita, ndinkathokoza Mulungu ndi mwana wanga pamodzi.

Ndipo kunalidi zii. Nyumba iliyonse inali mu mpanda wa njerwa wautali kuposa munthu, pamwamba pake atamatapo magalasi osweka. M'mawa mageti ankatseguka, magalimoto n'kutuluka kupita mumzinda, mageti n'kutsekeka, basi mpaka madzulo. Ine, munthu wozolowera kuti tsiku limayamba ukadzutsa anzako, sabata yoyamba ndinayenda geti ndi geti kuchita odi. Kwina anandiyankha agalu. Kwina mtsikana wantchito anasuzumira pa kabowo n'kunena kuti ganyu palibe. Ndinati mwana iwe, ine ndabwera kudzafunsa mmene mwadzukira, iye n'kundiyang'ana ngati ndikugulitsa mankhwala a zitsamba. Ndinabwerera ndikutukwana chamumtima, ndipo nditawafotokozera amuna anga anaseka mpaka chifuwa chinawabwerera.

Tsiku lina masana ndinamva nyimbo ya maliro ikuchokera kumtunda kwa msewu wathu. Mtima unandiwawa monga umachitira, komanso, ndisabise, ndinamva ngati ndapeza chinthu chimene ndikudziwa kachitidwe kake. Ku maliro sudikira kuitanidwa. Ndinamanga chitenje, ndinatapa ufa m'mbale yaikulu n'kuvundikira ndi nsalu, ndinamanga kamtolo ka nkhuni zimene ndinkatola m'mbali mwa msewu, n'kusenza. Geti linali lotsegula. M'kati munali matenti oyera, mipando ya pulasitiki m'mizere, ndi anyamata ovala yunifolomu akutsitsa m'galimoto mapoto a chakudya chophikaphika. Panalibe moto paliponse, panalibe amayi ozungulira mafuwa amene ndikanawatulira ufawo. Ndinaima pakati pa bwalo ndi mtolo pamutu, anthu ovala zakuda zositasita akundiyang'ana.

Bambo ena a taye anabwera n'kundifunsa, mwaulemu ndithu, "Pepani mayi, ndinu a mbali iti, ya kuchimuna kapena ya kuchikazi?"

"Ndine wa kumunsi kwa msewu," ndinatero.

Sanamvetse. Anati ngati ndikugulitsa nkhuni ndibwere tsiku lina. Manyazi anandigwira mpaka kumapazi, ndipo ndikanatembenuka pomwepo, koma mayi ena a msinkhu wanga anatuluka m'nyumba, maso otupa, n'kufunsa chimene chikuchitika. Anali namfedwa, womwalirayo anali mwamuna wawo. Atamva, ananditula okha mtolo uja, analandira mbale ya ufa ndi manja awiri, n'kundigwira dzanja kulowa nane m'nyumba. Anandikhazika pambali pawo pa matiresi. Anandinong'oneza kuti chikhalire pamalopo sanaonepo woyandikana naye akubwera pa zovuta asanatumiziridwe meseji. Ufawo sindidziwa kuti anauchita chiyani, mwina unakhala m'kabati mpaka unafumbwa.

Kuyambira pamenepo ndinali ndi geti limodzi londitsegukira. Mayiwo anali atapuma pa ntchito ya mu ofesi, anali ndi galimoto yawoyawo, ndipo tsiku limene amuna anga anabanika koopsa mvula ikukhuthuka, ndi iwo amene anawanyamula, atavala nsapato zam'nyumba. Tinkamwa tiyi pakhonde pawo, iwo n'kumandifunsa za kusoka fodya ngati ndi nkhani ya dziko lina. Ine ndinkawaphunzitsa kufutsa nkhwani, ndipo ankawononga masamba ambiri asanadziwe. Mu nyuzipepala muja mayi amenewa munalibe, koma akanandipatsa ine cholembera ndikanayambira pa iwo.

Sindidzanyoza olemba mndandanda aja. Anayeza zimene zimayezeka, ndipo anayeza bwino. Chifukwa cha iwo amuna anga anapuma dzinja lathunthu popanda kukwera kabaza, ndipo m'dzinja limenelo anaona mwana wa mwana wathu akuyamba kuyenda, atagwira chala chawo. Mwana wanga amandifunsabe nthawi zina ngati analakwa kutitengera kumeneko. Ndimamuuza kuti asiye zopusa, anachita zimene mwana wabwino amachita.

Koma maliro aja anasiya kanthu m'mutu mwa abambo ake, chifukwa ndinawafotokozera zonse: matenti, mapoto, ndi manda amene tinakaikako, a khonsolo, otchingidwa ndi waya, mitumbira ili m'mizere, uliwonse ndi nambala yake. Mwana wathu atabwera Loweruka lotsatira, abambo akewo anamukhazika pansi.

"Nyuzipepala yako ija," anatero, "inanenapo chiyani za kogona?"

"Kogona? Nyumbayitu ili ndi zipinda zokwanira, abambo."

"Sindikunena kogona kodzuka."

Mwanayo anaweramitsa mutu. Kenako anafotokoza, ndipo anafotokoza bwino: kuti manda a khonsolo sasankha kuti uyu ndi wobwera, kuti a ku ofesi amadziwa pamene aliyense wagona, kuti palibe thirakitala ingadutsepo ngakhale patapita zaka zingati. Ine ndinkagwedeza mutu kuvomera, chifukwa zimenezo n'zimene tinkalakalaka nthawi yonseyi.

"Nanga adzukulu okumba ndi ndani?" anafunsa abambo ake.

"Pali anthu olembedwa ntchito imeneyo."

"Amene sakundidziwa."

"Sakukudziwani, koma amakumba bwino."

Abambo ake anangoti, "Oho," n'kupempha madzi akumwa.

M'dzinja lomwelo alamu aja anali ataimba foni kuti dzina lathu lamveka pansi pa mtengo, koyamba chikhalire m'mudzimo, ndipo iwo ayendetsa zonse n'kukathira fetelezayo m'munda mwathu. Amuna anga anasangalala ngati mwana wopatsidwa malaya atsopano. "Mwaona, mayi? Atiwerenga." Ine ndinati kuponi ndi ya boma, chaka chino ilipo, chaka chamawa palibe, koma manda ndi a makolo a eni ake, ndipo boma silifikako. Anandiyang'ana n'kunena kuti ine ndimadziwa kuthira madzi pa chimwemwe cha munthu. Mwina ndimadziwadi.

Mvula itatha adokotala anatiitanira pambali ine ndi mwana, n'kutiuza mosazungulira kuti mapapo atha, mankhwala angowathandiza kupuma koma sangabwezeretse chimene chapita. Amuna anga sanafunse zimene tinauzidwa. Tili m'njira yobwerera, titaima pa kamlatho kaja, anangoti akufuna kubwerera ku Kapelula.

Ndinakalipa tsiku limenelo kuposa tsiku lina lililonse la ukwati wathu. Ndinawakumbutsa mabulugama. Ndinati kuno kuli malo otsimikizika, koma kuja tikukadalira nthabwala za achimwene anu ndi ndowa ya feteleza. Eni mudzi akadzati obwera ali ndi kwawo, ine munthu wamkazi ndidzalowera nanu kuti ndi bokosi? Iwo anandisiya ndithe kaye, monga ankachitira nthawi zonse, zimene zinkandikwiyitsa koposa.

"Ndinati pamalo podziwika, mayi," anatero. "Nambala imadziwika ku ofesi. Ine ndikufuna munthu akamadutsa ndi khasu azinena kuti umo mwagona mkulu uja wokoka mawu, wa ku Mulanje."

"Nanga akakana?"

"Akakana mudzandikweze galimoto, mudzandibweretse ku nambala. Sindidzadandaula, ndidzakhala nditagona."

Ndinafuna kuwakankhira m'ngalande, koma ndinaseka, ndipo munthu ukaseka ndiye kuti wagonja. Mayi a galimoto aja analira pomva kuti tikuchoka, ndipo anatinyamula okha ndi katundu wathu mpaka ku Kapelula, galimoto yawo yoyera ikudumphadumpha m'njira ya ngolo.

Wina angafunse kuti bwanji sitinangofunsiratu akuluakulu a mudzi tisananyamuke. Amene angafunse choncho sanakulire kumudzi. Munthu wamoyo sumupemphera manda. Ukatero wamulodza ndi pakamwa, ndipo akadzamwalira anthu adzati mkazi uja anali atakonzeratu. Mtunda wa kuchipatala ungathe kuuyenda n'kuudziwa, mpopi ungathe kuutsegula n'kuona ngati madzi akutuluka. Koma chinthu chimodzi chimene ife tinkafuna kudziwa za mudzi uja sichikanadziwika mpaka tsiku lake litafika. Ndinayesapo kamodzi titabwerera, kuzungulira nkhani ndi alamu aja titakumana pa chigafa.

"Kodi kuno mlendo akamwalira mumatani?" ndinafunsa, ngati ndikungocheza.

"Alamu, mbuzi zanu zikudya mbatata zanga," anatero, n'kunyamuka.

Mbuzi zinali m'khola, ndinazitsekera ndekha. Sindinadziwe ngati andithawa chifukwa cha mwambo kapena chifukwa yankho lake linali loipa, ndipo zinandisowetsa mtendere masiku ambiri.

Miyezi yozizira yonse amuna anga anakhala pakhonde atafunda bulangete. Odi ankayamba m'mamawa. Odutsa kupita ku dimba ankaima, opita ku chigayo ankatula thumba n'kucheza, ana a sukulu ankagwada kupereka moni n'kuthawa akuseka. Alamu aja ankabwera ndi bawo, n'kumabera poyera chifukwa ankadziwa kuti mnzawoyo alibe mpweya wokwanira kukangana. Mankhwala mwana ankatumiza pa minibasi. Sindinganene kuti zinali zosavuta. Masiku ena ankabanika mpaka milomo kuda, ine n'kumalakalaka msewu wa phula uja, n'kumawaimba mlandu mumtima. Ndikudziwa kuti tikanakhala kuja mwina akanaonanso mvula ina. Zimenezo ndimaziganizira mpaka lero, ndipo sindinazipezere yankho.

Anamwalira m'mawa wina dzuwa litakwera kale, nditangowamwetsa phala, mphepo ya Ogasiti itayamba kuulutsa fumbi. Amayi a pafupi anamva kulira kwanga n'kudzaza nyumba. Koma ine pakati pa kulirako mutu unali pa chinthu chimodzi. Ndinazemba kutulukira kuseri, ndinathamangitsa tambala wathu mpaka kumugwira pansi pa nkhokwe, n'kumumanga miyendo ndi luzi. Mawu opemphera ndinali nditawakonza kalekale mumtima: kuti ndife alendo, tikudziwa, koma mwatisunga tili moyo, musatitaye lero. Ndinapita naye kwa alamu aja kuti akandiperekere kwa akuluakulu, popeza namfedwa sapita yekha.

Ndinawapeza akutuluka m'nyumba, maso ofiira, atanyamula chingwe chotsitsira bokosi. Anayang'ana tambalayo, kenako anayang'ana ine.

"Alamu, nkhukuyo ndi ya chiyani?"

"Yopemphera malo," ndinatero nditagwada. "Ndife obwera, tikudziwa, koma..."

"Dzukani," anatero, ndipo kanali koyamba kuwamva akulankhula nane popanda nthabwala. "Adzukulu apita kale ndi makasu. Nkhukuyo perekani kwa amayi akawaphikire."

Tinaika tsiku lotsatira, m'manda a m'mudzi, pansi pa mitengo ikuluikulu imene nkhwangwa siikhudza. Mwana wathu anafika ndi mayi a galimoto aja, amene anavula nsapato zawo zam'tauni n'kukhala pansi ndi amayi anzawo, nyimbo zina osazidziwa koma akuyesetsa kutsatira. Atatha kukwirira, anthu akuyamba kubalalika, mwana wanga anapita kukathokoza mkulu wa adzukulu, bambo okalamba a dothi mpaka m'mawondo. Anawauza kuti akufuna kudzawaka chiliza chotambalala bwino, kuti malowo asadzasowe. Ine ndinali chapafupi, ndikumva zonse.

Mkuluyo analoza ndi mpini wa khasu mbali ya kumanzere kwa mtumbira, pamene panali posakumba koma polambulalambula, pokula ngati mphasa.

"Kuwaka wakani, mwana wanga," anatero, "koma apa musafikepo. Pali mwini wake, ndipo asafulumire."

Sanandiyang'ane, ndipo sanatchule munthu. Ine ndinamva kuti malowo andisungira ine. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira kulira kumene ndinali ndisanalirepo chibwerere ku Kasungu. Amayi a m'mudzimo anandisiya ndilire mpaka nditatha, kenako anandidzutsa n'kupita nane kwathu.